Munthu wachiwiri uja m'magalimoto akale a mpikisano anali ndani?

Makaniko wa pa Ndirande:
Anzanga a pagulu pano ndili ndi kanthu kandisowetsa tulo. Dzulo mwana wanga anandionetsa pa foni chithunzi chakale kwambiri cha galimoto ya mpikisano, zija za kumayambiriro kwa m'ma 1900, yopanda denga yopanda zitseko, matayala owonda a masipoko a mtengo. Nde chomwe chandigwira mtima ine si galimotoyo ayi, koma mwakhala anthu awiri. Wina wagwira chiwongolero, mnzakeyo wakhala pambali pake nkhope yonse bii ndi fumbi, kumbuyo kwawo amangirira matayala a sipeya. Pansi pa chithunzi alemba dzina limodzi lokha la dalaivala, winayo zii. Ine umakaniko ndinayamba ndili kamnyamata ngati sipanala boyi, nde nditamuona munthu uja ndinangomva ngati ndi m'bale wanga. Inu amene mumawerenga mbiri za magalimoto tandiuzeni, anali ndani ameneyu ndipo ankatani mmenemo?

Bambo a Chisomo:
Madala ameneyo anali makaniko wokwera nawo, ndipo masiku amenewo galimoto ya mpikisano siinkanyamuka popanda iye. Ntchito yake inkayamba galimoto isanasunthe nkomwe chifukwa kunalibe sitata, iyeyo ndi amene ankapukusa handulo kutsogolo kuti injini ilire kenako nkuthamanga kukakhala pampando. Ikangonyamuka dzanja limodzi lili pa mpope kupopera mpweya mu thanki kuti petulo azikankhika kupita ku injini, diso lili pa geji, akaona kuti puresha yatsika apopenso, kwinaku akuonetsetsa kuti oyilo akutsika bwino. Magalasi oonera kumbuyo kunalibe nde iyeyo ndi amene ankacheuka, akaona wina akufuna kudutsa ankamugunda dalaivala paphewa poti mawu sankamveka ndi phokoso la injini. Pa kona ankapendekera kunja kuti galimoto ikhazikike. Tayala likaphulika ndi iye, tcheni ikaduka ndi iye, pajatu ambiri mwa magalimoto amenewo matayala akumbuyo ankazungulira ndi tcheni ngati njinga yakapalasa. Zonsezi alibe helimeti alibe lamba. Dalaivala bola anali ndi chiwongolero choti nkugwiririra, makaniko ikagunda chinthu ankangoponyedwa panja ngati thumba la chimanga.

Sipanala Boyi:
Eeh akulu, kupukusa handulo ya injini ya mpikisano?? Ine ya pachigayo kwathu ku Ntcheu inandibwezera kamodzi dzanja linatupa masabata awiri, ndipo ija ndi kainjini ka silinda imodzi chabe. Nanga izi?

Makaniko wa pa Ndirande:
Mwana wanga, handulo sugwira chala chachikulu chitazungulira, zala zonse zimakhala mbali imodzi ndipo umakokera mmwamba osati kukankhira pansi, ikabweza imapulumuka yokha mdzanja. Ife anatiphunzitsa choncho pa malole akale. Pitirizani a Bambo a Chisomo.

Bambo a Chisomo:
Chodabwitsa nchoti nkhani ya munthu wachiwiriyi inavuta tsiku loyamba lenileni. Mpikisano womwe ambiri amauwerenga ngati woyamba unachitika pa 22 July 1894 kuchokera ku Paris kukafika ku Rouen, makilomita 126, ndipo anaukonza ndi a nyuzipepala ya Le Petit Journal. Analembetsa anthu 102 koma pa tsikulo ananyamuka magalimoto 21. Woyamba kufika anali bwana wina wolemera, Jules-Albert de Dion, pa galimoto yoyendera nthunzi ngati sitima yapamtunda, anayenda maola 6 ndi mphindi 48, ndiye kuti pafupifupi makilomita 19 pa ola. Koma mphoto yaikulu sanamupatse. Akuluakulu a mpikisano anati iwo akufuna galimoto yosaopsa, yosavuta kuyendetsa komanso yosadula, nde ya de Dion inkafuna munthu wina woti azisonkhezera moto pa boyila njira yonse. Mphoto anagawana a Peugeot ndi a Panhard et Levassor omwe magalimoto awo anali a petulo. Mukuona, munthu wosonkhezera moto uja ndi amene anafikitsa bwana wake woyamba ndipo ndi yemweyonso anamulepheretsa mphoto.

Wa pa Thilaki:
19 pa ola nde wa kabaza amudutsatu pa mtsetse

Bambo a Chisomo:
Amudutsadi achimwene, koma tsokonombwe anatha mtunda nkudumpha. Tamvani za chaka chotsatira poti inu mumayenda maulendo ataliatali. June 1895, Paris kupita ku Bordeaux nkubwereranso ku Paris, makilomita 1,178. Émile Levassor, mmodzi mwa eni ake a Panhard et Levassor, bambo woti anali atapitirira zaka 50, anayendetsa yekha ulendo wonsewo maola 48 ndi mphindi 48. Kagalimoto kake kanali ka masilinda awiri, matayala a labala yolimba opanda mpweya, chiwongolero chinali ndodo ngati ya boti osati chozungulira chija, usiku akuunikira tinyali. Anakonza zoti pa Ruffec amulandire dalaivala wina, koma anafikapo usiku nthawi isanakwane munthuyo ali mtulo, iye basi anangopitirira. Anafika ku Paris woyamba, kusiya anzake ndi maola angapo, koma naye mphoto yoyamba inamuphonya chifukwa malamulo ankafuna galimoto ya mipando inayi pomwe yake inali ya iwiri, anapatsa Paul Koechlin wa Peugeot. Mu mpikisano womwewu ndi mmene abale awiri a Michelin anabweretsa galimoto ya matayala opopa, inkangoponcha njira yonse moti ambiri ankati matayala a mpweya pa galimoto sizidzatheka.

Wa pa Thilaki:
Apa pokha ndavula chipewa. Ine Beira kufika Blantyre ndimamva msana ngati wathyoka, pomwe mpando wanga uli ndi masipuling'i ndipo ndimagona panjira. Maola 48 pa matayala opanda mpweya, pamsewu wamiyala, munthu wa zaka zimenezo? Ayi anali mwamuna.

Makaniko wa pa Ndirande:
Mwati anayendetsa yekha, nanga mpando wachiwiri uja panali ndani?

Bambo a Chisomo:
Panali makaniko wake madala, naye maola onsewo ali maso. Ndipo chaka cha 1896 pa mpikisano wa Paris kupita ku Marseille ndi kubwerera, Levassor anachita ngozi pozemba galu nkuvulala, amene anatenga chiwongolero nkumalizitsa mpikisano anali makaniko wake dzina lake d'Hostingue. Levassor anamwalira 1897.

Wa Zamagetsi:
Ndilowererepo pang'ono ine wa mawaya. Anthu amaona ngati galimoto ya magetsi ndi yatsopano, koma galimoto yoyamba padziko kupitirira makilomita 100 pa ola inali ya mabatire. Pa 29 April 1899 ku Achères pafupi ndi Paris, Camille Jenatzy wa ku Belgium anafika 105.88 pa galimoto yooneka ngati chipolopolo yomwe anaitcha La Jamais Contente, kutanthauza kuti yosakhutira. Ankalimbana ndi mnzake Gaston de Chasseloup-Laubat amenenso ankayendetsa ya magetsi, uyu akathyola rekodi winayo nkubwera kudzathyolanso, miyezi ingapo zili choncho. Chomwe chinagwetsa magetsi ndi kulemera kwa mabatire komanso ankatha msanga, pa kilomita imodzi inali mfumu koma ulendo wa ku Bordeaux sikanatha. Jenatzy yemweyo pambuyo pake anapita ku petulo, 1903 anapambana chikho cha Gordon Bennett ku Ireland pa Mercedes.

Nachisale:
Moni nonse. Ine ndimangowerenga masiku onse koma lero ndiyankhulepo, bambo anga anali makaniko nde nkhaniyi yandikhudza. A Bambo a Chisomo musadumphe 1903, chifukwa funso la madala aja yankho lake lowawa lili pamenepo. Paris kupita ku Madrid, pa 24 May, ananyamukira ku Versailles kusanache, magalimoto ndi njinga zamoto zoposa 200. Tangoganizani, pa zaka zosakwana 10 kuchokera pa 19 pa ola paja, Fernand Gabriel pa galimoto ya Mors anayenda makilomita pafupifupi 550 kukafika ku Bordeaux pa avereji ya 105 pa ola. Koma msewu unali womwe uja wa ngolo za akavalo, wafumbi, mitengo mbali zonse, anthu oonerera atadzaza mumsewu kumangopatuka galimoto ikafika pafupi, agalu, ana, malo odutsa njanji. Dalaivala akakhala kumbuyo kwa mnzake sankaona kanthu ndi fumbi, ena ankayang'ana nsonga za mitengo kuti adziwe komwe msewu walowera. Ngozi za tsiku limodzi lokhalo zinapha anthu osachepera 8, boma la France linaimitsa mpikisano pa Bordeaux pomwepo, ku Madrid sanafikeko. Analetsa ngakhale kuliza injini, magalimoto anachita kukokedwa ndi akavalo kupita kusiteshoni ya sitima. Aliyense amakumbukira Marcel Renault, mchimwene wake wa Louis Renault, amene anagubuduzika pafupi ndi Couhé-Vérac nkumwalira patapita masiku awiri. Koma Pierre Rodez amamutchula ndani? Anali makaniko wa Lorraine Barrow, galimoto yawo inakumana ndi galu nkukaomba mtengo, Rodez anafera pompo. Winanso Nixon, makaniko wa pa Wolseley ya Leslie Porter, galimoto inagubuduzika pa malo odutsa njanji nkuyaka moto iye ali pansi pake. Mayina awa umachita kuwafunafuna.

Makaniko wa pa Ndirande:
Mayi mwandilasa mtima. Rodez ndi Nixon, mizimu yawo iuse mumtendere.

Nachisale:
Ndipo tsiku lomwelo munalinso mayi mumpikisanomo, Camille du Gast, akuyendetsa De Dietrich, ndipo ankayenda bwino kwambiri ali mgulu la akutsogolo. Atapeza mnzake wa timu yomweyo Stead galimoto itamugwera, anaima nkutsika kumuthandiza mpaka thandizo litafika, malo ake abwino aja anataya. Chaka chotsatira akuluakulu a mipikisano ku France analetsa amayi kupikisana nawo. Zimandipweteka mpaka lero ndikaziganiza.

Wa pa Thilaki:
Mundikhululukire akuluakulu, ine ndiyankhulako mbali ya madalaivala, musandione ngati ndikunyoza. Makaniko ndi wofunika inde, koma amene amasankha kuti apa ndiponde mafuta apa ndiponde buleki ndi dalaivala. Pa 120 mufumbi, mabuleki a matayala akumbuyo okha, moyo wa anthu awiri uli mmanja mwake, akalakwitsa kamodzi mlandu ndi wake. Ngakhale ife lero thilaki ikagwa apolisi safunsa amene anamanga mabawuti, amagwira ine. Nde dzina likamalembedwa la dalaivala ine sindikuonapo cholakwika, amene amasenza mlandu asenzenso ulemu.

Sipanala Boyi:
Koma big, mlandu ndi wa dalaivala imfa nkukhala ya makaniko, pamenepo pali chilungamo?

Wa pa Thilaki:
Madalaivala nawo ankafa mng'ono wanga, Marcel Renault uja sanali makaniko. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, onse awiri ankadziwa chomwe akwera.

Makaniko wa pa Ndirande:
Achimwene a pa thilaki palibe akukuchotserani ulemu wanu. Mwana wabwera ku sukulu ndamuuza anditsegulirenso chithunzi chija, dzina alembapo ndi Szisz, 1906, ndipo pa galimotopo palembedwa 3A. Zikukuuzani kanthu?

Bambo a Chisomo:
Madala!! Chimenecho ndi chithunzi cha Grand Prix yoyamba yeniyeni, mpikisano waukulu wa magalimoto wa ku France, ndipo mkangano wanu ndi achimwene a pa thilaki ukuthera pomwepo. Ferenc Szisz anali wa ku Hungary, ndipo asanagwire chiwongolero anali makaniko ku fakitale ya Renault, ankakwera pambali pa Louis Renault mmipikisano, mpando womwe uja mukuufunsawu. Marcel atamwalira Louis anasiya kupikisana, nde kampani itabwerera mmipikisano anapatsa galimoto Szisz. Amene wakhala pambali pakeyo ndi Marteau.

Mpikisanowo unali pa 26 ndi 27 June 1906 pafupi ndi Le Mans. Zitachitika za ku Bordeaux zija anasiya zothamanga tauni ndi tauni, anatseka misewu yozungulira makilomita 103, kuzungulira ka 6 tsiku loyamba ka 6 tsiku lachiwiri, zonse pamodzi makilomita 1,238. Galimoto siinkaloledwa kulemera kupitirira makilogalamu 1,000. Ndipo lamulo lomwe likukhudza nkhani yathu nali: palibe wina aliyense ankaloledwa kugwira galimoto kupatula dalaivala ndi makaniko wake. Kuthira petulo, madzi, kusintha matayala, anthu awiri omwewo atatopa kale. Kunja kunatentha koopsa, phula lomwe anathira kuti fumbi lichepe linasungunuka nkumawathovukira kumaso, dalaivala wina wa Renault dzina lake Edmond linamulowa mmaso mpaka anasiya mpikisano, ndipo miyala inkang'amba matayala mosalekeza. Kusintha tayala mwa kale kunali kulidula ndi mpeni likadali lamoto, kulowetsa lina ndi chubu pa limu ndi zitsulo, nkulipopa, pafupifupi mphindi 15. A Michelin anabweretsa limu yochotseka yokhala ndi tayala lopopa kale, umangomasula mabawuti 8 nkuvula nkuveka ina, mphindi 4 kapena kucheperapo. Renault inaika malimu amenewo kumbuyo, FIAT matayala onse anayi, ena analephera chifukwa malimuwo anali olemera akanapitirira sikelo. Tsiku loyamba litatha magalimoto anawatsekera mumpanda usiku wonse alonda ali pompo kuti wina asakonze kanthu, mmawa anawakoka ndi akavalo kupita poyambira. Szisz anamaliza pa maola 12 ndi mphindi 14, avereji 101 pa ola, Felice Nazzaro wa FIAT wachiwiri atasiyidwa ndi theka la ola. Mwa magalimoto 32 omwe ananyamuka anamaliza 11. Nde achimwene, theka la ola limenelo, ndi kangati komwe Marteau analumpha ndi jeke mmanja kuti lipezeke?

Wa pa Thilaki:
Apa ndavomera, ngati lamulo linali loti awiri okhawo ndi amene agwire sipanala nde anapambana awiri. Komabe onani, Szisz anatchuka atagwira chiwongolero osati ali pa mpope.

Makaniko wa pa Ndirande:
Ndi zomwe zikundiwawazo achimwene. Ndikuuzeni yanga. Ndili mnyamata ndinkayenda pa lole ya bwana wina, tinanyamula katundu wopita ku Nsanje mwezi wa October. Titangotsika Thabwa kulowa kuchigwa, dzuwa la ku Chikwawa mukulidziwa, phula lofewa moti jeke imamira, tayala lakumbuyo la mkati linaphulika. Sipeya inali itaponcha kale. Ndinachotsa lakunja, ndinachotsa lamkati, limu lotentha losagwirika ndinachita kukulunga malaya mmanja, kumenya ndi hamala kuti tayala lisiyane ndi limu, kutulutsa chubu cha sipeya kuchimata, kubwezera, kupopa ndi mpope wa phazi mpaka miyendo kunjenjemera, jeke ndinaikira thabwa pansi kuti isamire. Adalaivala anali bambo abwino, ankandigwirira zitsulo nkumandipatsa madzi. Patsogolo pang'ono paipi ya dizilo inayamba kudontha, ndinamanga ndi labala ya chubu ndi waya. Tinafika usiku katundu ali bwinobwino. Titabwerera bwana anagwira adalaivala chanza nkuwaonjezera kangachepe, ine anangondifunsa kuti malaya a kampani ndawaonongeranji. Zipsera za limu lija ndili nazo mmanjamu mpaka lero. Nde ndikamva za Marteau akusintha limu pa phula losungunuka, ine kutentha kwake ndikukumva mzala zangazi, si nkhani ya mbuku ayi.

Nachisale:
Pepani madala. Bambo anga manja awo analinso choncho, zikhadabo sizinkayera olo asambe ndi sopo wanji.

Wa ku Joni:
Ndafika mochedwa ndinali ku shifiti, ndawerenga zonse kuyambira pamwamba. Ndionjezere wina amene dzina lake bola linasungika, Ettore Guizzardi. 1907 nyuzipepala ya Le Matin inaitanira anthu ulendo wochokera ku Peking (Beijing ya lero, ku China) kukafika ku Paris, makilomita pafupifupi 15,000, ananyamuka magalimoto 5 okha pa 10 June. Misewu kunalibe, petulo anatsogoza pa ngamila kukamusiya mchipululu cha Gobi, iwo nkumatsatira mapolo a telegalafu kuti asasochere. Anapambana Prince Scipione Borghese wa ku Italy pa Itala, anafika pa 10 August, ndipo Guizzardi ndi amene ankaisamalira galimotoyo usiku uliwonse komanso ankalandirana naye chiwongolero. Mphoto yake inali botolo la shampeni basi.

Koma yomwe ndimafuna kunena ndi ya ku America. Indianapolis 500 yoyamba, 30 May 1911, pa bwalo lomwe anayala njerwa 3.2 miliyoni. Magalimoto 40, onse anthu awiri awiri kupatula imodzi, Marmon ya Ray Harroun yomwe inali ya mpando umodzi. Anzake anadandaula kuti munthu wopanda womuyang'anira kumbuyo atichititsa ngozi, iye anangomangirira galasi kutsogolo kwake kuti aziona kumbuyo, anamulola, ndipo anapambana pa avereji ya makilomita 120 pa ola. Munthu yekhayo amene anafa tsiku limenelo anali makaniko, Sam Dickson, wa pa galimoto ya Arthur Greiner. Ine ndikayang'ana galasi la mgalimoto yanga ndimakumbuka kuti pamenepa pankakhala khosi la munthu.

Nachisale:
Ndipo Harroun asanatero, mayi wina wa ku England wothamangitsa magalimoto, Dorothy Levitt, anali atalangiza kale amayi anzake mu 1909 kuti azinyamula kagalasi kam'manja koonera kumbuyo akamayendetsa.

Sipanala Boyi:
Nde galasi litabwera amakaniko anatsika?

Wa ku Joni:
Ayi, chaka chotsatira ku Indianapolis anachita kukhazikitsa lamulo loti makaniko azikwera basi, mpaka 1922. Analibwezeretsanso 1930 mpaka 1937.

Wa Zamagetsi:
A Sipanala Boyi munafunsa za handulo ya injini zimenezo, ndikupatseni kukula kwake. Nthawi imeneyo ofuna liwiro ankangokuza injini. Renault ya Szisz inali ya malita pafupifupi 13. Blitzen Benz ya 1909 malita 21.5, inafika 228 pa ola pa mchenga wa ku Daytona mu 1911. FIAT S76 ya 1910 malita 28 pa masilinda anayi okha, ndiye kuti silinda imodzi malita 7, pomwe ka Vitz kapena ka Passo kathu injini yonse ndi lita imodzi. Silinda imodzi yokha ma Passo 7! Sitata ya magetsi inayamba kuikidwa pa Cadillac 1912, koma a mpikisano ankaipewa chifukwa sitata ndi batire ndi katundu wolemera.

Bambo a Chisomo:
Ndipo amene anathetsa mpikisano wokuza injiniwu ndi anthu a manja akuda madala, izi zikusangalatsani. Ku Peugeot kunali madalaivala atatu odziwa sipanala, Georges Boillot, Jules Goux ndi Paul Zuccarelli, anapempha kuti awalole kupanga okha galimoto ya mpikisano, nkutenga wojambula mapulani wa ku Switzerland Ernest Henry. Mainjiniya a masukulu a mfakitalemo ankawanyoza nkumawatcha Les Charlatans, ngati kunena kuti akathyali. Iwo anapanga injini ya malita 7.6 yokhala ndi makamshafti awiri pamwamba ndi mavalavu anayi pa silinda iliyonse, kuti injini izipuma bwino nkumazungulira mwachangu mmalo mongokula. Grand Prix ya 1912 ku Dieppe inakumana ndi ma FIAT a malita 14. David Bruce-Brown wa ku America pa FIAT ankatsogola, koma tsiku lachiwiri anagunda galu, petulo anayamba kutayika, atathira wina panjira anamuchotsa mumpikisano poti malamulo sankalola, Boillot anapambana. 1913 Goux anakapambana nayo ku Indianapolis. Mukatsegula boneti ya Corolla nkuona palembedwa 16 valve kapena twin cam, nzeru yake inachokera kwa akathyali amenewa.

Sipanala Boyi:
Shuwa?? Ine ma twin cam ndimamasula daily osadziwa kuti anayambitsa ndi anthu ngati ife. Mawa ndikawauza abwana ku galaja.

Wa pa Thilaki:
Koma agalu anavutatu, Levassor galu, Barrow galu, uyunso galu. Ndi chimodzimodzi mbuzi za pa M1, ine ndimaopa mbuzi kuposa maenje. Anyamata atatu a ku Peugeot aja anakalamba?

Bambo a Chisomo:
Goux yekha. Zuccarelli anafa 1913 akuyesa galimoto, anaomba ngolo yomwe inalowa mumsewu, anafera limodzi ndi makaniko wake Fanelli. Bruce-Brown wa pa FIAT uja anafa chaka cha 1912 ku Milwaukee tayala litaphulika, makaniko wake Tony Scudelari naye anamwalira ndi mabala a ngozi yomweyo. Boillot mpikisano wake waukulu womaliza unali ku Lyon pa 4 July 1914, analimbana yekha ndi ma Mercedes tsiku lonse, galimoto inamufera pa raundi yomaliza, Mercedes inatenga 1, 2, 3 wotsogola Christian Lautenschlager. Patangotha mwezi nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka, Boillot anakhala woyendetsa ndege ya nkhondo ndipo anamuombera 1916. Za amakaniko okwera nawo ku Grand Prix zinatha chifukwa cha maliro enanso, 1924 ku San Sebastián ku Spain galimoto ya Sunbeam ya Kenelm Lee Guinness inachita ngozi, makaniko Tom Barrett anafa, nde kuyambira 1925 analetsa kunyamula munthu wachiwiri.

Wa ku Joni:
Ku rally kokha ndi komwe mpando wachiwiri unatsala, monga Safari ya ku Kenya ija inayamba 1953, koma kumeneko wachiwiriyo amawerenga njira ndipo mayina onse awiri amalembedwa pagalimoto.

Wa pa Thilaki:
Madala a pa Ndirande, za malaya zija zandikhala pamtima. Ine ndili ndi mnyamata amene amandimangira matenti ndi kuona matayala ndisananyamuke, zaka zitatu tsopano, ndikamuitana ndimangoti iwe. Loweruka ndikafika ku depoti ndikamufunsa dzina la bambo ake ndi mfunda wake.

Makaniko wa pa Ndirande:
Mukatero achimwene, ndipo mukamugwire chanza anthu akuona. Ine mwana ndamutuma kale ku Limbe mawa akasindikize chithunzi chija chachikulu, ndikachikhoma ku galaja pamwamba pa bokosi la masipanala pomwe anyamata amatengera zida mmawa. Pansi pake ndilembapo ndekha ndi maka mayina awiri. A Bambo a Chisomo tandilemberaninso la makaniko uja chilembo chimodzichimodzi, maso anga masiku ano savomera tizilembo ta pafoni, ndisakalakwitse.

Bambo a Chisomo:
M A R T E A U madala. Potchula amati Mato.

Makaniko wa pa Ndirande:
Ndakopera pa katoni ya ma filita. Zikomo nonse, kwabwera minibasi yophika ndikaione kaye.